Mtovu, zipolopolo ndi ng'anjo yomwe idazima ku Herculaneum

Pa 31 December 2013, moto udazima m'ng'anjo ya kampani ya Doe Run m'tauni ya Herculaneum, m'chigawo cha Missouri ku America. Pamalopo padakhala pakuyengedwa mtovu kuyambira mu 1892, ndipo pa tsiku lomwe ng'anjoyo idatsekedwa inali yokhayo yotsala m'dziko lonselo yomwe inkalandira miyala ya mumgodi n'kutulutsamo mtovu watsopano. Kuyambira nthawi imeneyo, America, lomwe ndi limodzi mwa maiko okumba mtovu wambiri padziko lapansi, limatumiza miyala yake kunja kuti ikayengedwe kumeneko.

Nkhaniyi imabwerabwera pakakhala mkangano wa mfuti, wa malamulo oteteza chilengedwe kapena wa kukwera mtengo kwa magetsi ndi mafuta. Ena amati boma lidatseka ng'anjoyo dala pofuna kuti anthu asowe zipolopolo. Ena amati idagwa chifukwa cha mtengo wa mphamvu zoyendetsera fakitale. Mbiri ya ng'anjoyo ikusonyeza kuti chidaitseka ndi chinthu china: kuchuluka kwa mtovu m'magazi a ana okhala pafupi nayo, ndi kukana kwa eni ake kulipira ndalama zomangira ina yatsopano.

Mtovu ndi ntchito zake

Mtovu, womwe pa Chingerezi amautcha lead, ndi chitsulo chotuwa, chofewa koma cholemera kwambiri. Umasungunuka pa madigiri 327, kutentha komwe ngakhale mbaula ya makala yokolezedwa bwino imafikako, ndipo n'chifukwa chake anthu adayamba kuugwiritsa ntchito kalekale. Pansi pa nthaka supezeka uli wokha. Nthawi zambiri umakhala wosakanikirana ndi sulufule m'mwala wonyezimira wotchedwa galena, ndipo m'mwala womwewo mumapezekanso siliva, zinki ndi kopa.

Dziko lonse limagwiritsa ntchito mtovu wokwana matani pafupifupi 13 miliyoni pa chaka. Kale unkathiridwa m'petulo, m'penti ndi m'mapaipi a madzi, koma ntchito zimenezi zidaletsedwa m'maiko ambiri. Lero mtovu wochuluka, woposa magawo 85 pa 100 alionse ku America, umathera m'mabatire: a galimoto, a mathirakitala, a nsanja za mafoni, ndi aja osungira magetsi a dzuwa omwe afala m'makomo mwathu. Batire imodzi ya galimoto yaing'ono imakhala ndi mtovu wa makilogalamu 8 mpaka 10.

Pali njira ziwiri zopezera mtovu woyengeka, ndipo kusiyana kwake ndiko phata la nkhani yonseyi. Yoyamba ndi kuyenga miyala ya mumgodi. Miyalayo imaperedwa, imasefedwa m'madzi kuti mtovu upatukane ndi dothi, kenaka imawotchedwa kuti sulufule achoke. Zotsalazo zimalowa m'ng'anjo yaikulu yoyaka ndi malasha ophikidwa, ndipo mtovu wosungunuka umatsikira pansi. Pomaliza amachotsamo siliva ndi zitsulo zina. Njira yachiwiri ndi kusungunula mtovu womwe udagwirapo kale ntchito, makamaka wa m'mabatire akutha. Mtovu sutha mphamvu ngakhale usungunulidwe kangati. Ya ku Herculaneum inali ng'anjo ya mtundu woyambawo.

Tauni yobadwa ndi zipolopolo

Chodabwitsa n'chakuti Herculaneum ndi zipolopolo zidayambira limodzi. Tauniyi, yomwe ili m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kummwera kwa mzinda wa St. Louis, idakhazikitsidwa mu 1808 ndi Moses Austin ndi mnzake ngati doko lokwezerapo mtovu wochokera m'migodi ya kumtunda. Chaka chotsatira, pa thanthwe lalitali loyang'ana mtsinjewo padamangidwa malo opangira zipolopolo zing'onozing'ono. Amisiri ankathira mtovu wosungunuka m'sefa ali pamwamba. Madontho ake akamagwa ankabulungika okha n'kukazizirira m'madzi omwe anali pansi pa thanthwelo. Choncho munthu wonena kuti mtovu wa ku Herculaneum unali wa zipolopolo sakunama, kungoti akukamba za zaka 200 zapitazo.

Ng'anjo yaikulu idamangidwa ndi kampani ya St. Joseph Lead, ndipo idakula pamodzi ndi tauniyo. Nyumba za antchito, sukulu ndi matchalitchi zidamangidwa pafupi ndi mpanda wa fakitale, pansi pa chumuni chotalika mamita oposa 160. M'zaka za m'ma 1950 kudapezeka mtovu wina wochuluka m'dera la Viburnum, m'chigawo chomwecho, ndipo migodi ya kumeneko ndiyo idadyetsa ng'anjoyo mpaka kutsekedwa kwake. Mu 1994 kampani ya Doe Run idagulidwa ndi Renco Group ya mpondamatiki wa ku New York, Ira Rennert.

Herculaneum sidali yoyamba kugwa. Ng'anjo ya Bunker Hill ku Kellogg, m'chigawo cha Idaho, idatsekedwa mu 1981, patatha zaka zisanu ndi zitatu kuchokera pomwe moto udawononga zosefera utsi zake, eni ake n'kupitiriza kuyenga choncho, mpaka ana a m'chigwacho adapezeka ndi mtovu wochuluka modetsa nkhawa m'magazi. Fakitale ya ASARCO ku Omaha idatsekedwa mu 1997, ya East Helena ku Montana mu 2001, ndipo ya Glover ku Missouri idaima mu 2003. Ya Buick, ku Missouri komweko, sidatsekedwe koma idasinthidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti izisungunula mabatire akutha, ndipo ikugwirabe ntchito. Kutha kwa ng'anjozi kudatenga zaka zoposa 30, pansi pa atsogoleri a zipani zonse ziwiri.

Zomwe zidapezeka m'misewu ndi m'magazi

Mtovu ndi poizoni. Thupi la munthu liribe nawo ntchito ina iliyonse, koma ukalowa limaulandira ngati kashiamu n'kuusunga m'mafupa kwa zaka zambiri. Kwa akuluakulu umabweretsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso. Kwa ana aang'ono umawononga ubongo womwe ukukula: nzeru zimachepa, mwana amavutika kumvetsera m'kalasi, ndipo zowonongekazo sizibwereranso. Ana ndiwo amaumeza kwambiri chifukwa amasewera m'dothi n'kuika zala m'kamwa, ndiponso matumbo awo amayamwa mtovu wochuluka kuposa a munthu wamkulu. Choopsa china n'chakuti mwana woteroyo saoneka wodwala. Popanda kuyeza magazi, makolo sangadziwe.

Madokotala sadazindikire zimenezi tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1960, mwana ankatengedwa kuti ali pachiopsezo mtovu ukafika mamaikilogalamu 60 pa desilita ya magazi. Bungwe la zaumoyo la boma la America, CDC, lidatsitsa mulingowo kufika pa 25 mu 1985, pa 10 mu 1991, pa 5 mu 2012 ndi pa 3.5 mu 2021. Lero akatswiri amagwirizana kuti palibe mulingo wa mtovu womwe tinganene kuti ndi wabwinobwino m'thupi la mwana.

Ku Herculaneum zinthu zidaonekera poyera mu 2001, pomwe fumbi lotoledwa m'misewu yomwe malole onyamula miyala ankadutsa lidapezeka kuti mbali zina magawo 30 pa 100 a fumbilo anali mtovu. Kunena kwina, ana ankapalasa njinga pa fumbi lomwe kwina likadatengedwa ngati mwala wa mumgodi. Akuluakulu adaika zikwangwani zochenjeza makolo kuti ana asasewere m'misewu. Zotsatira za kuyeza magazi zomwe zidatuluka mu 2002 zidasonyeza kuti ana 28 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi chimodzi omwe adayezedwa m'tauniyo anali ndi mtovu wopitirira mulingo wa nthawiyo, ndipo mwa okhala pafupi kwambiri ndi fakitale, chiwerengerocho chidafika 45 pa 100. Kampaniyo idavomera kugula nyumba pafupifupi 160 zoyandikana ndi ng'anjo kuti mabanjawo asamuke, ndipo zambiri zidagwetsedwa. Mu 2011 khothi la ku St. Louis lidagamula kuti makampani omwe adali eni ng'anjoyo chisanafike chaka cha 1994 alipire madola 358.5 miliyoni kwa anthu 16 omwe adakulira m'tauniyo.

Si onse m'tauniyo adakondwera ndi kufufuzaku. Fakitaleyo inkalipira bwino, inkapereka msonkho woyendetsera sukulu, ndipo mabanja ena adagwiramo ntchito kuyambira agogo mpaka zidzukulu. Munthu wodandaula za fumbi ankadziwa kuti akudandaulira malo omwe mnansi wake amapezako chakudya.

Lamulo la 2008

Boma la America lidaika malire a mtovu wololedwa mumpweya koyamba mu 1978: mamaikilogalamu 1.5 pa kiyubiki mita imodzi. Lamulo la dzikolo limati malire oterewa aziunikidwanso pakatha zaka zisanu zilizonse, koma awa adakhala zaka 30 osasinthidwa. Ng'anjo ya Herculaneum inkalephera kawirikawiri kukwaniritsa ngakhale malire akalewo. Bungwe la Missouri Coalition for the Environment, mogwirizana ndi anthu ena a m'tauniyo, lidakasumira nthambi ya boma yoteteza chilengedwe ya EPA, ndipo khothi lidailamula kuti iunikenso malirewo. Mu October 2008, EPA idatsitsa malirewo kakhumi, kufika pa 0.15.

Tsikulo n'lofunika kulisunga. Mu October 2008 mtsogoleri wa dziko anali George W. Bush wa chipani cha Republican, ndipo Barack Obama anali asanasankhidwe n'komwe.

Mu 2010 Doe Run idagwirizana ndi EPA ndi boma la Missouri kuti iwononge madola pafupifupi 65 miliyoni pokonza zolakwika m'mafakitale ndi m'migodi yake, ilipire chindapusa cha madola 7 miliyoni, ndiponso itseke ng'anjo ya Herculaneum pofika kumapeto kwa 2013. Panthawiyo kampaniyo inkanena kuti m'malo mwake imanga fakitale ya mtundu watsopano yopatula mtovu ndi mankhwala ndi magetsi, popanda ng'anjo yotulutsa utsi. Mu 2012 idalengeza kuti yasiya ganizolo chifukwa ndalama zofunika zinali zambiri ndipo phindu lake linali losatsimikizika. Antchito pafupifupi 145 adachotsedwa ntchito.

Ndi zoona, tsono, kuti lamulo loteteza chilengedwe ndilo lidathetsa ng'anjoyo. Kukana zimenezi n'kudzinamiza. Koma lamulolo silidaletse kuyenga mtovu. Ku Trail m'dziko la Canada, ku Onsan ku South Korea ndi ku Nordenham ku Germany kuli ng'anjo zomwe zidasiya njira yakale yowotchera miyala poyera n'kuika makina otsekeka, ndipo zikuyengabe. Eni a Herculaneum adawerengera n'kuona kuti kugulitsa miyala kunja kukuposa kumanga zatsopano.

Mphekesera ya zipolopolo

Kutsekedwa kwa ng'anjoyo kudagwa pa nthawi yomwe zipolopolo zinali zitasowa kale m'masitolo a ku America, ndipo apa ndi pomwe nkhani ziwirizi zidalumikizidwa. Obama atasankhidwanso mu November 2012, ndiponso munthu wina atapha ana 20 ndi akuluakulu asanu ndi mmodzi pa sukulu ya Sandy Hook mu December chaka chomwecho, eni mfuti ambiri adaopa kuti boma likhwimitsa malamulo. Adathamangira kukagula zipolopolo zosunga. Woona mashelefu opanda kanthu naye ankagula zochuluka akangozipeza, ndipo ena ankagula kuti akagulitse pa mtengo wokwera. Aliyense yemwe adakhalapo pa mzere wa mafuta kapena wa shuga akuidziwa bwino nthenda imeneyi. Zipolopolo zing'onozing'ono za .22, zomwe zimagwiritsidwa ntchito pophunzira kuwombera ndi posaka nyama zing'onozing'ono, ndizo zidasowa nthawi yaitali.

Kumapeto kwa 2013 nkhani idafala pa intaneti yakuti boma la Obama, litalephera kukhwimitsa malamulo a mfuti kunyumba ya malamulo, lapeza njira yachinsinsi: kutseka gwero la mtovu kuti mfuti zikhale zopanda ntchito. Mmodzi mwa omwe adaifalitsa anali Allen West, yemwe kale adali phungu woimira dera lina la ku Florida. Yankho lidachokera kwa anthu omwe sangaganiziridwe kuti amakonda Obama. Kampani yopanga zipolopolo ya Sierra Bullets, yomwe ili ku Sedalia m'chigawo chomwecho cha Missouri, idafotokoza kuti sigwiritsa ntchito mtovu wa mumgodi koma wosungunulidwanso. Bungwe loimira makampani a mfuti ndi zipolopolo la National Shooting Sports Foundation nalo lidati silikuona kuti kutsekedwako kukhudza kapangidwe ka zipolopolo.

Masamu ake ndi osavuta. America imasungunula mtovu wakale wokwana matani pafupifupi miliyoni imodzi pa chaka, pomwe ng'anjo ya Herculaneum m'zaka zake zomaliza inkatulutsa matani opitirira pang'ono 100 000. Mabatire a galimoto pafupifupi 99 pa 100 alionse m'dzikolo amabwezedwa akatha, chifukwa wogula batire yatsopano amalipiritsidwa ndalama yoonjezera akapanda kusiya yakale. Zipolopolo zonse pamodzi zimatenga magawo pafupifupi asanu okha pa 100 a mtovu womwe dzikolo limagwiritsa ntchito. Chipolopolo cha pisitoli ya 9mm chimalemera magalamu 7 kapena 8, kutanthauza kuti batire imodzi yakutha ili ndi mtovu wokwanira zipolopolo zoposa 1 000. Komanso chipolopolo sichifuna mtovu woyera kwambiri ngati womwe unkachokera ku Herculaneum. Opanga amachita kuusakaniza ndi chitsulo china chotchedwa antimony kuti ulimbe, ndipo mtovu wa m'mabatire umabwera uli nacho kale.

Umboni wina ndi zomwe zidatsatira. Ng'anjo itatsekedwa, zipolopolo zidayamba kubwerera m'masitolo, ndipo Donald Trump atapambana mu 2016 mantha adatha, malonda adagwa, mitengo idatsika mpaka makampani ena adachepetsa antchito. Zidasowanso mu 2020, nthawi ya Covid-19 ndi zionetsero za m'mizinda, pomwe anthu mamiliyoni angapo adagula mfuti koyamba ndipo kampani yakale ya Remington idagwa ndi ngongole. Panthawiyo chomwe chinkachedwetsa mafakitale sichinali mtovu koma kachipangizo kakang'ono ka kumbuyo kwa chipolopolo koyatsira onga, komwe kamapangidwa ndi makampani owerengeka okha.

Asilikali nawo adayamba kale kuchoka ku mtovu. Kuyambira mu 2010, gulu lankhondo la America limagwiritsa ntchito chipolopolo cha M855A1, chomwe mutu wake ndi wa kopa ndi chitsulo. Malamulo okhudza mtovu wa m'zipolopolo alipo ndithu, koma ndi oonekera ndipo amakhudza ulenje: kusaka abakha ndi mbalame zina za m'madzi ndi zipolopolo za mtovu kudaletsedwa m'dziko lonse mu 1991, chifukwa mbalame zimameza timibulu tomwe tagwera m'madambo n'kufa. Chigawo cha California chidaletsa mtovu pa ulenje wa mtundu uliwonse kuyambira mu July 2019, makamaka pofuna kupulumutsa muimba wamkulu wotchedwa condor, yemwe amadya mitembo ya nyama zowomberedwa.

Ngati pali chitsulo chomwe opanga zipolopolo ayenera kuda nacho nkhawa, ndi antimony uja. Wambiri amachokera ku China, Russia ndi Tajikistan, ndipo mu December 2024 China idalengeza kuti yaletsa kumugulitsa ku America. Mtengo wake udakwera kwambiri.

Nanga mtengo wa mphamvu?

Kuyenga zitsulo kumadya moto, ndipo n'zomveka kuti anthu amaganiza kuti mtengo wa malasha, gasi ndi magetsi ndiwo udagwetsa Herculaneum. Koma zaka zomwe chigamulo chinkapangidwa ndi zomwe mphamvu zinali zotchipa kwambiri ku America. Njira yatsopano yokumbira gasi m'miyala ya shale idachititsa kuti mu 2012 mtengo wa gasi ugwe kufika pomwe sudafikepo kwa zaka khumi, ndipo mafakitale a mankhwala ndi feteleza ankathamangira kukamanga m'dzikolo chifukwa cha zimenezo. Missouri nayo ndi chigawo cha magetsi otsika mtengo. Mphamvu zimalowa m'nkhaniyi mwa njira ina: kusungunula batire yakutha kumafuna moto wosafika theka la womwe umafunika poyenga mtovu womwewo kuchokera ku mwala. Kulikonse komwe kuli magalimoto akale ochuluka, ng'anjo ya mabatire imapambana ya miyala.

Kumene mtengo wa mphamvu udalumadi ndi ku Ulaya. Kuyambira kumapeto kwa 2021, ndipo makamaka Russia italowa m'dziko la Ukraine mu February 2022, mtengo wa gasi udakwera mpaka kupitirira mayuro 300 pa megawati awa imodzi mu August 2022. Kampani ya Glencore idaimitsa mbali ina ya fakitale yake ya Portovesme pa chilumba cha Sardinia, ndipo ya Nyrstar idaimitsa fakitale ya Budel ku Netherlands. Zomwe zidavulala kwambiri zinali za zinki ndi aluminiyamu, zomwe zimapatulidwa ndi magetsi ochuluka zedi. Koma mtovu ndi zinki zimakumbidwa limodzi ndipo nthawi zambiri zimayengedwa pa malo amodzi kapena ndi kampani imodzi, choncho china chikadwala chinzake sichikhala bwino.

Vuto lalikulu la ng'anjo za maiko a azungu lero ndi malipiro oyengera. Mwini mgodi amalipira mwini ng'anjo ndalama yakutiyakuti pa tani iliyonse ya miyala. China, yomwe imayenga magawo oposa 40 pa 100 a mtovu wa dziko lonse, idamanga ng'anjo zochuluka kuposa miyala yomwe ilipo, ndipo ng'anjozo zimalimbirana miyala potsitsa malipirowo. M'zaka za 2024 ndi 2025 malipiro ena adatsika kupitirira ziro, kutanthauza kuti woyenga ndiye ankalipira kuti apatsidwe miyala, podalira kupeza phindu pa siliva wa m'katimo. Ng'anjo ya Belledune ku Canada idatsekedwa kumapeto kwa 2019 itakhala ikuluza kwa zaka zingapo. Ya Port Pirie ku Australia, yomwe yakhala ikuyenga kuyambira mu 1889, idafunika thandizo la ndalama za boma mu 2025 kuti isaime.

Komwe utsi udapita

Migodi ya Viburnum ikukumbabe, ndipo ku Alaska kuli mgodi waukulu wa Red Dog wotulutsa zinki ndi mtovu. Miyala yake imakwezedwa m'sitima kupita ku China, South Korea, Canada ndi kwina. Kenaka America imagula mtovu woyengeka wokwana pafupifupi theka la miliyoni la matani pa chaka, wambiri kuchokera ku Canada, South Korea, Mexico ndi Australia. Apa ndi pomwe odandaula ali ndi mfundo yomveka, ngakhale si ya zipolopolo: akasinja, ndege, nsanja za mafoni ndi zipinda za makompyuta zonse zimadalira mabatire a mtovu, ndipo dziko lomwe lili ndi miyala koma lopanda ng'anjo limadalira kuti njira za panyanja zikhale zotseguka. Mu 2025 boma la America lidaika mtovu pa mndandanda wa miyala yofunika kwambiri pa chuma ndi chitetezo cha dziko.

Ng'anjo zosungunula mabatire nazo sizili zoyera. Ya kampani ya Exide ku Vernon, pafupi ndi Los Angeles, idatsekedwa mu 2015 itaipitsa dothi la nyumba pafupifupi 10 000 za mabanja osauka, ambiri ochokera ku Latin America. Kampaniyo itagwa ndi ngongole mu 2020, khothi lidailola kusiya malowo, ndipo ndalama zochotsera dothilo, madola mamiliyoni mazanamazana, zikuchokera m'thumba la boma la California. Ng'anjo zina za mtunduwu zatsekedwanso, mwakuti zotsala m'dziko lonselo n'zongopitirira pang'ono khumi. Malire atakhwima mu 2008, mabatire akutha otumizidwa ku Mexico, komwe malamulo anali ofewa, adachuluka kwambiri. Mpweya wa ku Herculaneum udayera, koma mbali ina ya fumbilo idangosamukira kwa ana a ku Monterrey.

Kwa ife a kuno, chitsanzo cha ng'anjo yomwe idagwira ntchito popanda womuletsa sichili kutali. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, komwe kale kunkatchedwa Broken Hill, mtovu udakumbidwa ndi kuyengedwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka mu 1994. Patha zaka zoposa 30 chitsekereni, koma phiri la zinyalala za mgodiwo likadalipo, mphepo ikuulutsirabe fumbi lake m'makomboni oyandikana nalo monga Kasanda ndi Chowa, ndipo ana ambiri kumeneko amapezeka ndi mtovu wopitirira mamaikilogalamu 45, mulingo womwe madokotala amayambira kupereka mankhwala ochotsa mtovu m'magazi. Mu 2020 maloya adakatula mlandu kukhothi la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140 000, kusumira kampani ya Anglo American South Africa, yomwe ikukana kuti ili ndi mlandu. Mu December 2023 khothilo lidakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo odandaulawo adachita apilo. Ku Mombasa m'dziko la Kenya, anthu a m'dera la Owino Uhuru adapambana mlandu mu 2020 wokhudza fakitale yosungunula mabatire yomwe idamangidwa pakati pa nyumba zawo, khothi n'kugamula chipukuta misozi cha mashilingi 1.3 biliyoni.

M'mizinda yathu mabatire akuchuluka chaka ndi chaka, chifukwa cha magalimoto, njinga zamoto ndi magetsi a dzuwa, ndipo batire ya mtovu siikhala zaka zambiri isanathe. Ogula zitsulo zakutha amaifuna chifukwa cha mtovu womwewo. Ena amaiswa ndi chikwanje, asidi n'kumuthira pansi, mbale za m'kati n'kuzisungunula pa moto wa makala kuseri kwa nyumba kuti apange miyala ya sikelo, zolemetsera maukonde kapena zokonzera mabatire ena. Fumbi lotuwa lotsala pamalopo ndi lomwe lija lidapezeka m'misewu ya ku Herculaneum mu 2001, ndipo siliwola: limakhala m'dothi la pabwalo kwa zaka mazana, pokhapokha dothilo litakumbidwa n'kuchotsedwa.

Ku Herculaneum, mbali ya malo a fakitale idasandutsidwa doko la katundu woyenda pa mtsinje wa Mississippi.